Chotupa cha pansagwada ya mwana si nyanga ya mfiti

Dzinja lapitali ndinaona ku Ulongué, m'dziko la Mozambique, mwana wamng'ono atatupa nsagwada mbali imodzi, mano akugwedera, makolo ake atatha kale milungu itatu akuzungulira kwa asing'anga. Sindikuwadzudzula, pakuti chotupa chokula msanga chotere chimaopsa aliyense. Atafika naye kuchipatala, madokotala anapeza kuti ndi Burkitt lymphoma, khansa ya maselo oyera a m'magazi, asilikali a thupi aja, imene dotolo Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda mu 1958.

Maganizo anga ndi akuti anthu akamvetsa gwero la nthendayi, mantha a ufiti adzachepa. Mu selo muli malangizo ambirimbiri amene asayansi amawatcha ma gene, ndipo amatsegulidwa ndi kutsekedwa panthawi yake, monga mpopi wa madzi. Limodzi mwa malangizowa ndi MYC, limene limakhala pa chromosome 8 (ma chromosome ndi timitolo tosunga malangizowa mu selo, todziwika ndi manambala), ndipo ntchito yake ndi kulamula selo kuti likule ndi kugawikana. Pa khansa imeneyi kachidutswa kokhala ndi MYC kamathyoka n'kukalumikizika pena, kawirikawiri pa chromosome 14, pafupi ndi malangizo opangira chitetezo cha thupi, amene m'maselo oyera aja amakhala otsegula usana ndi usiku. Apa mpamene pagona nkhani: MYC likhoza kukhala lili bwinobwino, koma lagwera m'dzanja losadziwa kutseka mpopi, choncho selo limangogawikana osapuma.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti malungo ali nalo dzanja pamenepa. Mwana akamadwala malungo mobwerezabwereza, monga zimachitikira m'chigwa cha Zambezi mvula ikayamba, maselo amenewa amachulukana mothamanga, ndipo mpata wolakwitsa polumikiza malangizo umakula. Kachilombo ka Epstein-Barr, kamene kanapezeka mu 1964 m'maselo a chotupa cha mtundu womwewu ndipo ambiri a ife tili nako osadwala, kamathandiza selo lolakwikalo kuti lisafe. Ndiye neti imene ena timaitchingira dimba la tomato ikanatha kuchepetsako ngozi imeneyi.

Mankhwala a khansa amagwira kwambiri maselo ogawikana msanga, n'chifukwa chake chotupachi chimatha kuphwa pamasiku ochepa, ndipo ana ambiri ofika msanga amachira. Vuto limabwera chikaphwa, pamene makolo ena, ndalama ya ulendo itatha ndipo kumunda kukuyembekeza, amabwerera ndi mwana kumudzi asanamalize mankhwala, maselo otsalawo n'kuyambanso kugawikana.