Simon's Town si ya mphindi 40

Ndinene maganizo anga, wokwiya akwiye. Ngati munapita ku Simon's Town pa basi ya alendo, n'kutsika pa gombe la Boulders, kujambula mapengwini, kenako kukweranso basi kuthamangira ku Cape Point, ndiye kuti ku Simon's Town simunafikeko. Munangodutsa. Ndikutero chifukwa inenso ulendo woyamba ndinachita zomwezo. Wotiyendetsa anatipatsa mphindi 40, theka lake n'kuthera pamzere wa matikiti. Zithunzi mufoni zinali mbwee, koma mnzanga atandifunsa kuti tauniyo ndi yotani, ndinangoti kakasi.

Tchuthi chino ndinabwererako, ndipo ndinagonako masiku atatu.

Kwa amene simukudziwako, kummwera kwa Cape Town kuli mtunda wautali wowonda umene umalowa m'nyanja ngati chala, wotchedwa Cape Peninsula. Simon's Town ili mbali ya kum'mawa moyang'ana False Bay, makilomita pafupifupi 40 kuchoka mumzinda. Kumbuyo phiri, kutsogolo madzi, ndiye tauni yangofinyikira pamsewu umodzi, St George's Street, nyumba zakale zamakhonde zitandanda mbali ya kuphiri. Dzina lake linachokera kwa Simon van der Stel, bwanamkubwa wa Adatchi amene anayendera gombeli mu 1687. Anaona kuti nyengo yozizira sitima zimabisala bwino kuno kusiyana ndi ku Table Bay, kumene mphepo inkaziphwanyira kumtunda.

Mukamapita kwerani sitima yapamtunda, ndipo mukhale mbali ya kumanzere. Kuyambira pa Muizenberg njanji imayenda m'mphepete penipeni mwa madzi, kudutsa St James, Kalk Bay, Fish Hoek ndi Glencairn, mwakuti malo ena ukasuzumira pawindo umangoona thovu la mafunde pansi pako. Njanjiyi inafika ku Simon's Town mu 1890. Koma funsani kaye ngati ikufika kumathero tsikulo, chifukwa mphepo ya kummwera chakum'mawa ikalusa imakwirira njanji ndi mchenga. Mphepo imeneyo inanditengera chipewa tsiku loyamba lomwe, mpaka lero chili m'False Bay.

Mapengwini sindikuwanyoza ayi, ndi osangalatsa zedi. Kungoti nthawi yowaonera ndi m'mawa, mabasi asanafike. Ndinaimirira pamlatho wamatabwa woonerapo mapengwini pafupifupi ndekha, ndikuona kamodzi kakutuluka m'tchire, kakuyenda dzandidzandi ngati mdala woti nsapato zamuthina. Katafika pamadzi kanangoti chubwi, n'kusanduka muvi. Kulira kwake ndiye musaseke, ndi bulu weniweni. Fungo lakenso zithunzi sizikuuzani. Poimika magalimoto pali zikwangwani zochenjeza kuti usanalize galimoto uyambe wasuzumira pansi, mwina kabisala komweko.

Mbalamezi sizinakhalepo kuyambira kale. Zinayamba kuswana pa Boulders m'zaka za m'ma 1980, zitangofika mabanja awiri okha. Ndipo chimene sindinachidziwe ulendo wa mphindi 40 uja n'chakuti mtundu wake ukutha. Mu 2024 bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe la IUCN linaika mapengwini a mu Africa m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'onong'ono kutheratu, makamaka chifukwa tinsomba timene amadya, ma sardine ndi ma anchovy, tachepa m'nyanja. Ndiye ukaona munthu wamkulu ndithu akulowetsa foni kumlomo kwa mbalame yoti ikufungatira mazira, mtima umawawa. Imodzi inamujompha wina chala ine ndikuona. Sindinamumvere chisoni, Mulungu andikhululukire.

Pakati pa tauni, pa Jubilee Square, pali chiboliboli cha galu, Just Nuisance. Galu wamkulu ameneyu ankakonda kukwera sitima limodzi ndi asilikali apamadzi a ku Britain, wopanda tikiti, mpaka a njanji anaopseza kuti amupha. Pofuna kumupulumutsa anamulemba usilikali mu 1939, poti msilikali ankakwera ulere. Atafa mu 1944 anamuika m'manda ndi ulemu wonse wa chisilikali. Nkhani yokoma, ndipo aliyense amajambulitsa atamugwira mutu. Asilikali a Britain anachoka mu 1957, doko n'kukhala m'manja mwa asilikali apamadzi a South Africa, ndipo sitima zawo zotuwa umaziona ukumwa tiyi pakhonde.

Apa ndiye pagona nkhani yanga. Mbiri ya galu aliyense amachoka ataimva. Mbiri ya anthu amene anathamangitsidwa m'tauni yomweyi, ndi angati amaimva? Mu 1967 boma latsankho linalamula, kudzera m'lamulo la Group Areas Act, kuti Simon's Town ndi ya azungu okha. Mabanja a asodzi, a ogwira ntchito padoko, anthu oti makolo awo anabadwira pomwepo, anawasamutsa mokakamiza, ambiri kupita ku Ocean View, kuseri kwa mapiri. Dzina lokhalo likumveka ngati chipongwe: munthu wamuchotsa pakhomo poti mafunde ankawamva ali pabedi, n'kumuika kumalo otchedwa koonera nyanja. A ku Luyolo, dera la anthu akuda la m'tauniyi, anali atawatengera kale ku komboni ya Gugulethu zisanafike apo.

Zimenezi ndinaziona m'kanyumba kosungiramo mbiri ka Amlay House, komwe kale inali nyumba ya banja lina losamutsidwa. Muli zithunzi za maukwati, za ana asukulu, za misewu imene lero mwadzaza nyumba zogona alendo. Mzikiti wakale udakalipo, mukakwera pang'ono kuchoka pamsewu waukulu muupeza. Mayi amene ankakonza chipinda changa amachokera ku Ocean View komweko, ndipo tsiku lina akupukuta windo anandilozera chapamwamba paphiri pamene agogo awo ankakhala. Anangoloza, n'kupitiriza kupukuta. Ine ndinali nditalipira kuti ndigone pamalo amene banja lawo linaletsedwa kugona. Sindikunena kuti musapiteko, kapena kuti muziyenda nkhope ili gwaa. Ndikungoti munthu amene wapatsidwa mphindi 40 sangazidziwe zimenezi, ndipo basi siimapo.

Ku Cape Point pitani ndithu, n'kokongola, koma wina asakunamizeni kuti ndi pamene nyanja ziwiri zimakumana kapena kuti ndi nsonga ya Africa. Malo amenewo ndi Cape Agulhas, kutali chakum'mawa. Ndipo chakudya musachionetse, anyani akumeneko amadziwa kutsegula chitseko cha galimoto kuposa ana ena.

Nthawi imene ndinaikonda kwambiri ndi cha m'ma 5 koloko madzulo. Basi yomaliza ikangochoka tauni imapuma. Dzuwa limabisala msanga kuseri kwa phiri, koma mapiri a tsidya lina la False Bay amakhala akadali psuu. Ndinakhala pakhoma la doko, miyendo lendelende, ndikuonerera bambo wina akuwedza ndi mwana wake. Sanagwire kanthu mpaka mdima. Mwanayo ndi amene ankakana kupita kunyumba.