Matayala akabedwa ku Joni, mlandu umagwera mlonda

Anyamata ambiri kuno ku Mangochi, kuyambira pa boma mpaka ku Namwera ndi ku Makanjira, amakhulupirira kuti munthu wolondera malo ogulitsira galimoto ku Joni ali pa ntchito yopepuka, chifukwa amaona zithunzi zimene timatumiza titatsamira Hilux yatsopano. Ine ndagwira ntchito imeneyi kwa nthawi yaitali ku Johannesburg, ndipo popeza ndili kwathu kuno pa tchuthi ndipo ambiri akundipempha kuti ndikawapezere malo, ndaona kuti ndi bwino ndilembe zimene zimachitika m'mayadi amenewo usiku, makamaka za kubedwa kwa matayala ndi masipeya, kumene kwalanda anzathu ambiri malipiro ndi ntchito yomwe.

Mbava za matayala sizibwera mwachisawawa. Masana zimafika ngati ogula, zitavala bwino, n'kumafunsa mitengo uku zikuyang'ana galimoto zimene zili ndi marimu odula komanso mbali imene makamera saona. Usiku zimabwera zingapo, zitatenga jeke, njerwa ndi makina a batire omasulira manati, amene amachotsa tayala lonse pa nthawi imene munthu wa sipanala akanakhala akulimbanabe ndi nati yoyamba. Kukamacha mumapeza galimoto zitakhala pa njerwa, ndipo mbava zina zopanda chisoni zimangozigwetsa pansi, mabuleki n'kuwonongeka. Zimakonda mayadi ogulitsira chifukwa galimoto za mtundu umodzi zimaima pamzere ndi matayala atsopano, ndipo zimathamangira Toyota Hilux, Fortuner, Ford Ranger ndi VW Polo, popeza zimenezi ndi zambiri pamsewu ndipo msika wa zida zake suzilala. Tayala la sipeya limene limalendewera kunsi kwa Hilux amangodula tcheni chake, ndipo pangapite masiku munthu asanazindikire. Pa Polo amazula nyali zakutsogolo ndi magalasi a m'mbali. Chimene chimaliza eni mayadi kwambiri ndi catalytic converter, kachigawo ka ekizozi kamene kali ndi zitsulo zamtengo wapatali za platinum, palladium ndi rhodium. Amakadula ndi sowo ya batire atagona chagada kunsi kwa galimoto, ndipo mumadziwa m'mawa pamene injini yalira ngati thalakitala. N'zoseketsa kuti zimenezi zimachitika m'dziko limene limakumba platinum wambiri kuposa dziko lina lililonse.

Abwana amakonda kuonetsa alendo chitetezo chawo, koma ife amene timagona nacho timadziwa kufooka kwake. Manati a loko, amene amafuna kiyi yakeyake, amangochedwetsa wakuba pang'ono, chifukwa amakhomerapo soketi ndi hamala n'kupotokola, ndiponso kiyi yomweyo kawirikawiri imasiyidwa m'galimoto momwemo. Mpanda wa magetsi, alamu ndi makamera zonse zimadalira magetsi, ndipo m'zaka za 2022 ndi 2023, pamene Eskom, kampani ya magetsi ya ku South Africa, inkazimitsa magetsi maola ambiri pa tsiku, mabatire a zipangizozi ankatha mphamvu usiku usanafike pakati. Mbava zinkadziwa ndandanda ya kuzima kwa magetsi ngati mmene ife tinkaidziwira, chifukwa inkalengezedwa poyera. Makamera akagwira ntchito amajambula anthu ophimba kumaso, ndipo galimoto ya achitetezo a mfuti imafika matayala atapita kale. Kuyambira mu 2012 galimoto zatsopano ku South Africa zimapoperedwa timadontho ting'onoting'ono tokhala ndi nambala yozindikiritsa galimotoyo, ndipo lamulo la Second-Hand Goods Act la 2009 limafuna kuti ogulitsa katundu wogwiritsidwapo kale ntchito azilemba amene wawagulitsa, koma rimu ikadutsa m'manja mwa anthu atatu palibenso amene amaifunsa kwawo.

Njira zimene zimathandizadi ndi zotchipa. Galimoto zikaimikidwa mothinana, mawilo akutsogolo atapindidwa mpaka kumapeto, jeke imasowa polowera. Zodula kwambiri zizilowetsedwa m'nyumba madzulo, galimoto imodzi itseke geti, nyali za sola ziziwala usiku wonse, ndipo alonda azikhala awiri. Koma zimenezi zimafuna kuti wina agwire ntchito yosuntha galimoto madzulo ndi m'mawa, ndipo bwana amafuna kuti zokongola zigone pafupi ndi msewu kuti odutsa azizisirira.

Tsono apa ndi pamene pagona dandaulo langa. Lamulo la 2001 loyendetsa ntchito za chitetezo limafuna kuti mlonda aliyense alembetse ku PSIRA, bungwe loyang'anira alonda ndi makampani a chitetezo, ndipo amene amaloledwa ndi nzika za South Africa kapena okhala ndi chilolezo chokhazikika m'dzikomo. Ambiri a ife tilibe zimenezo, ndipo eni mayadi ang'onoang'ono amadziwa. Amatilemba ngati otsuka galimoto, kenaka amatiuza mokoma kuti tizigona pomwepo kuti tisamalipire lendi. Masana watsuka galimoto, usiku ulondere maola 12 ndi tochi, wezulo ndi foni yopanda mayunitsi, pamene obwerawo nthawi zambiri amakhala ndi mfuti. Kuli ngati kutuma mwana mmodzi kukaingitsa anyani m'munda wonse wa m'mphepete mwa phiri. Akuba akakumanga ndi waya n'kukugoneka chafufumimba, bwana m'mawa amati unagwirizana nawo, apo ayi akanakuvulaza. Akaba iwe osawaona, amati unali mtulo. Mayankho onse awiri amathera pa malipiro ako.

Bwana wina amene ndinamugwirira ntchito anandidula malipiro miyezi yotsatizana chifukwa cha matayala a Ranger, pamene ndinkadziwa bwino kuti galimoto zake zinali pa inshuwalansi. Batire ya mpanda inali itafa kalekale, ndipo ndinali nditamuuza mobwerezabwereza. Chimene chimandiwawa n'chakuti ogulitsa galimoto, amakaniko ndi anyamata onyamula makiyi, amene amadziwa kamera yakufa ndi malo obisikapo kiyi ya manati, safunsidwa n'komwe. Wokayikiridwa amakhala mlendo, popeza alibe kopita. Chonsecho ndime 34 ya lamulo la ntchito la Basic Conditions of Employment Act la 1997 imaletsa kudula wantchito malipiro chifukwa cha katundu wotayika popanda kumumva mbali yake ndi popanda iye kuvomera molemba, ndipo ngakhale avomere, zodulidwazo siziyenera kupitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro ake. CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pa ntchito, imamva madandaulo ngakhale a munthu wopanda mapepala. Koma bwana akangotchula apolisi, mtima umaganiza za Lindela ku Krugersdorp, kumene amasungira alendo opanda mapepala asanawabweze kwawo, ndi ana amene akudikira ndalama ya sukulu kumudzi, ndipo munthu umangowerama.

Achimwene amene mwatsimikiza kupita, musavomere kugona pa yadi popanda pangano lolembedwa lonena ntchito yanu yeniyeni. Madzulo aliwonse muzijambula galimoto ndi foni, ndipo chipangizo chikafa muzimuuza bwana pa WhatsApp, osati pakamwa pokha, kuti umboni utsale.

Nanunso abale otsala kuno ndili nanu mawu. Ndinu omwe mumatiimbira foni kuti, "Achimwene, tipezereniko marimu a Hilux otchipa, mutumize pa thirela ya basi." Mukaona matayala anayi atsopano, mphira wake usanagunde n'komwe phula, akugulitsidwa kuseri kwa nyumba pa mtengo wogwetsa ndiponso popanda lisiti, mukuganiza kuti achokera kuti? Achokera pa yadi ina, ndipo pa yadi imeneyo mwina pali mnyamata wa ku Malindi kapena wa ku Katuli amene mwezi umenewo satumiza kanthu kwa mayi ake. Amalume anga enieni anandikwiyira nditakana kuwagulira otere, akuti ndayamba kudzimva chifukwa cha ku Joni. Amene mukufuna marimu ndikugulirani m'sitolo, ndi lisiti loti mukaonetse a MRA pa Mwanza kapena pa Dedza, ndipo mtengo wake ukakukulirani, yendanibe pa matayala anu akale.