Lula ya malume ndi ziro imodzi

Sabata yatha tikulongedza katundu wa malemu malume, pansi pa sutikesi ndinapeza kachikwama kachikopa. M'kati munali slide rule ya Faber-Castell, yoyera koma itayamba chikasu. Mwana wa mchemwali wanga anaitembenuzatembenuza n'kufunsa kuti, "Ankolo, lula yanji yotsetsereka pakati? Yathyoka?"

Kwa inu amene simunaionepo: ndi lula yokhala ndi kathabwa kapakati koyenda uku ndi uku, ndi kagalasi kokhala ndi mzere wopyapyala ngati tsitsi. Manambala ake sanatalikirane mofanana. Pakati pa 1 ndi 2 pali mpata waukulu, pamene 8 ndi 9 athithikana, chifukwa amatsata ma logarithm amene John Napier anatulutsa mu 1614. Ukalumikiza mipata iwiri ndiye kuti wachulukitsa manambala. Amene anaganiza zotsetsereketsa malula awiri chonchi anali m'busa wa ku England, William Oughtred, cha m'ma 1620. Kachipangizo kameneka kanatumikira mainjiniya zaka pafupifupi 350, moti ngakhale anthu a Apollo opita ku mwezi anakanyamula.

Imfa yake inali yadzidzidzi. Mu 1972 kampani ya Hewlett-Packard inatulutsa HP-35, kakyuleta ya sayansi yolowa m'thumba la malaya, pa mtengo wa madola 395. Pofika 1976 Texas Instruments inkagulitsa TI-30 pa madola pafupifupi 25. Zaka zinayi zokha, basi malula analowa m'masutikesi.

Musaganize kuti ndikulira maliro a lula. Ayi ndithu. Ife amene tinalimbana ndi ma four-figure table (timabuku ta ma logarithm) ku sekondale, kusaka log, kuphatikiza, kenako kusakanso antilog chala chili pa mzere kuopa kuphonya, tikudziwa mpumulo umene kakyuleta ya Casio inabweretsa. Ndiponso slide rule sinkatha kuphatikiza kapena kuchotsera, ndipo imakupatsa manambala atatu okha odalirika, lachinayi n'longoganizira. Ndani angabwerere kumeneko?

Koma inali ndi khalidwe limodzi limene ndimalisirira: siinkakuuza poika kadontho ka desimali. 2 kuchulukitsa ndi 3, 20 kuchulukitsa ndi 30, 0.2 kuchulukitsa ndi 0.3, zonsezi kathabwa kamaima malo amodzimodzi n'kukuonetsa 6. Kaya ndi 6, 600 kapena 0.06, zimenezo zinali za iwe ndi mutu wako. Choncho usanakhudze lula unkayamba wadzifunsa kuti yankho likhala lalikulu bwanji. Malume ankachita zimenezi ngakhale pogula nyemba pa msika. Wogulitsa asanamalize kuwerengera, iwo anali atanena kale kuti, "Zisapitirire mwakutimwakuti."

Mwezi wathawu ndinakagula misomali ndi penti pa shopu ina ya hadiweya. Mnyamata wogulitsa anadinadina pa foni n'kunditchulira mtengo woti ndikanagulira njinga yamoto. Ndinamuuza kuti achimwene, taonaninso. Iye osatekeseka, anangonditembenuzira foni: "Bwana, si ine, ndi kakyuleta." Anali atadina ziro imodzi yowonjezera. Kulakwitsako sikunandidabwitse, chala chimaterereka kwa aliyense. Chinandiwawa n'chakuti nambala ija siinamudzidzimutse ngakhale pang'ono. Zitini ziwiri za penti zinali pamaso pake, koma maso anali pa foni.

Maganizo anga ndi akuti aphunzitsi a masamu asalande ana makakyuleta, koma mwana asanadine azilemba kaye pambali yankho loyerekeza. Likasiyana kwambiri ndi la makina, afufuze yekha amene wanama.

Mwana wa mchemwali uja ndamuphunzitsa kuchulukitsa pa lula ya agogo ake. Dzulo anapeza 6 n'kundiyang'ana kuti ndimuuze poika kadontho. Ndinangonyamuka kukamwa tiyi.