Saikoloje: ku Mount Pleasant kapena ku Chirunga?

Mwana wa mlongo wanga atatenga zotsatira za Fomu 6, nkhani inafika kwa ine isanafike kwa bambo ake. Ife tinabadwira kuno ku Mufakose ku Harare, koma mwambo wa kwa Kaphuka ku Dedza sunatichoke: za sukulu ya mwana amayamba kumva ndi amalume. Ndiye Lamulungu lina titaweruka ku CCAP tinakhala pakhonde pa amayi, mtsikanayo n'kutiuza kuti akufuna kukaphunzira saikoloje.

Amayi anafunsa kuti chimenecho n'chiyani. Atamva kuti ndi maphunziro a maganizo ndi khalidwe la munthu, anati, "Iwe mwana, sukulu yonseyi kuti uzikalondera amisala?" Mng'ono wanga anaseka, amvekere tizisamala polankhula chifukwa m'banja mwalowa wowerenga za mumtima. Madzulo ake azakhali a ku Area 25 ku Lilongwe anatumiza mawu pa WhatsApp: "Mtumizeni kuno akalowe ku Chanco, adziweko kwawo." Chanco ndi yunivesite ya ku Chirunga ku Zomba, imene inkatchedwa Chancellor College. Mawu akuti kwawo aja ndiwo anandisowetsa tulo, mpaka ndinayamba kufunsafunsa mbali zonse ziwiri.

Choyamba ndimutsutse mng'ono wanga. Palibe kalasi yowerenga za mumtima. Wophunzira wa chaka choyamba amakumana ndi agalu a Pavlov ochucha dovu akamva belu, masitepe a kakulidwe ka mwana a Piaget, zigawo za ubongo, ndiponso masamu owerengetsera kafukufuku, amene amagwetsa ambiri mwa iwo amene anathawira ku saikoloje poopa masamu omwewo. Zimenezi n'zofanana ku Harare ndi ku Zomba, ngakhale mabuku ake ndi amodzimodzi, olembedwa ku America ndi ku Britain. Kusiyana kuli pa khomo lolowera, pakati pa ulendo, ndi potulukira.

Pa khomo polowera mpamene tinasokonezana ndi azakhali. Nditawauza kuti mwana wapeza mapointi 11 anaimba nthungululu pafoni, chifukwa ku Malawi pa mayeso a MSCE mapointi akachepa mpamene mwana wakhoza. Wa mapointi 6 amatuluka m'nyuzipepala. Kuno wa mapointi 6 amabwera kunyumba nkhope ili pansi, poti pa A-level ya ZIMSEC giredi A ndi mapointi 5, ndipo pamwamba penipeni pa maphunziro atatu ndi 15. Nthungululu zija sizinapite pachabe, 11 si yoipa, koma sizinali za mulingo umene iwo ankaganiza.

Kusiyanaku si kwa manambala okha. Mwana wa ku Malawi amachoka Fomu 4 kulunjika ku yunivesite. Wathu kuno amawonjeza zaka ziwiri, ndipo pofika Fomu 5 amakhala atadzitsekera kale m'maphunziro atatu. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri ku Chancellor College saikoloje inkabwera mkati mwa digiri ya Social Science: umayamba walawa sosholoje, zachuma ndi zina, kenako n'kusankha chako chenicheni utaona kumene mtima wagwera. Kuno ku University of Zimbabwe (UZ) ya ku Mount Pleasant kapena ku Midlands State University ku Gweru umalembetsa digiri ya saikoloje kuyambira tsiku loyamba. Apa ine ndili mbali ya Malawi. Mwana wa zaka 18 sadziwa chimene akusankha, ndipo munthu amene adzamve mavuto a mayi wa ku Epworth amene lendi yamukanika ayenera kudziwako za chuma, osati za Freud, katswiri wakale wa maganizo, zokha.

Koma pakati pa ulendo Zimbabwe yandigwira mtima. Madigiri ambiri kuno ndi a zaka zinayi, ndipo chaka chachitatu wophunzira sakhala m'kalasi, amapita ku attachment. Chaka chathunthu ali ku kiliniki, ku bungwe la ana, ku ofesi yolemba anthu ntchito. Sindikunena kuti zonse ndi uchi. Malo amavuta kupeza, ambiri salipidwa, ya kombi imachoka m'thumba la kholo, ndipo ndikudziwa mwana wina wa ku tchalitchi kwathu amene miyezi yambiri anangokhalira kujambula mapepala ndi kufulula tiyi. Komabe amene wagwera pamalo abwino amabwerera m'chaka chachinayi ataona munthu weniweni akulira pamaso pake, ataphunzira kukhala chete. Zimenezo m'buku mulibe.

Potulukira mpamene makolo ambiri timapusitsika. Digiri yoyamba siikusandutsa katswiri wololedwa kuona odwala, kaya kuno kaya kumudzi. Ku Zimbabwe uyenera kulembetsa ku Allied Health Practitioners Council, ndipo usanayime pawekha umayamba wagwira ntchito pansi pa katswiri wina amene adalembetsa kale. Ubwino wake makwerero akuoneka: madigiri achiwiri alipo konkuno, ku UZ, ku Gweru ndi ku Masvingo. Boma nalo lili ndi nthambi ya Schools Psychological Services mu unduna wa maphunziro, imene imayeza ana ovutika kuphunzira. Ku South Africa, kumene ana athu onse amalota, makwerero ndi otalika koposa: zaka zitatu za digiri, chaka cha honours, kenako masters imene amatengako anthu owerengeka pa chaka, ntchito yoyang'aniridwa, ndi mayeso a HPCSA, bungwe lolembetsa akatswiri a zaumoyo. Ambiri amathera pa honours.

Nanga otsalawo amapita kuti? Kuno ambiri amalowa m'maofesi oona za antchito, n'kuwonjezera dipuloma ya IPMZ, bungwe la akatswiri oona za antchito. Ena amapita ku mabungwe othandiza ana ndi amayi monga Childline ndi Musasa. Ku Malawi njira ndi yomweyo ya mabungwe, za edzi, za ana, za nkhanza za m'banja. YONECO ya ku Zomba imayendetsa lamya yothandiza ana pa nambala 116, yomweyonso imene ana amaimba kuno. Namondwe wa Idai atasesa Chimanimani mu 2019, ndi wa Freddy atakwirira midzi ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu 2023, aphungu anafunika mbali zonse. Koma ntchito za mabungwe zimatha limodzi ndi ndalama za opereka thandizo, ndipo kholo lidziwiretu zimenezo lisanagulitse nyumba ya ku Glen View.

Malawi ili ndi khomo lina limene sitilitchula kawirikawiri. Ku Mzuzu, koleji ya St John of God imaphunzitsa anamwino ndi azachipatala a matenda a maganizo, komanso uphungu. Mwana amene chimene akufuna ndi kugwira wodwala dzanja, osati kulemba kafukufuku, angapindule kumeneko kuposa pa digiri ya saikoloje. Ndipo funso la amayi lija lili ndi pochokera. M'badwo wawo umadziwa malo awiri okha, chipatala cha amisala cha ku Zomba ndi Ingutsheni ya ku Bulawayo, imene idatsegulidwa mu 1908. Kwa iwo za maganizo ndi mpanda ndi loko. Malamulo akenso adachokera m'nthawi imeneyo: Malawi idayenda zaka zochuluka ndi lamulo la atsamunda la mu 1948, pamene Zimbabwe idalemba lake latsopano mu 1996.

Zonsezi ndinazilemba papepala, uku Harare uku Zomba, koma chimene chinadula mlandu sichinali papepalapo.

Ku Mbare, mtunda wongokwera kombi imodzi kuchoka kwathu, ndi kumene Dixon Chibanda, dokotala wa matenda a maganizo, adayambitsira Friendship Bench. Adaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa kiliniki ndi kumvetsera anthu. Agogowo sanena dzina la Chingerezi la matendawo. Amati kufungisisa, ndiko kuganiza kwambiri, ndipo masitepe awo ali m'Chishona: kuvhura pfungwa, kusimudzira, kusimbisa. Ngakhale mafunso 14 amene amayezera munthu adapangidwira konkuno ku Harare kuchokera m'mawu amene odwala eniake amanena. Kafukufuku wa m'makiliniki 24 a mumzinda uno, amene adatuluka m'magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2016, adaonetsa kuti okhala pa benchi ankapeza bwino kuposa olandira chithandizo cha masiku onse. Lero njirayi idafika mpaka ku Lilongwe. Chidachiritsa anthu si benchi, mitengo ili ponseponse. Ndi chilankhulo.

Tsono chodabwitsa n'chakuti ntchito yotere pa Chichewa chathu idachitikira ku Zambia. Robert Serpell wa ku University of Zambia, amene pambuyo pake adatsogolera yunivesiteyo kuyambira 2003 mpaka 2006, adakhala zaka zambiri akufufuza pakati pa Achewa a ku Katete. Adafunsa akuluakulu kuti mwana wanzeru ndi wotani. Yankho lawo silidathere pa kuchenjera. Adati nzeru zimayenda ndi kutumikira: mwana amene ungamutume, amene ungamudalire. Wochenjera yekhayekha kwathu timamuopa, ndiye kalulu wa m'nthano uja. Ku yunivesite yomweyo adapanga mayeso otchedwa Panga Munthu, oti mwana aumbe munthu ndi dongo m'malo mojambula ndi pensulo, poona kuti mwana wa kumudzi dongo ndiye amalidziwa. Ku Malawi nako Chiwoza Bandawe wa ku sukulu ya udokotala ku Blantyre wakhala akulemba m'nyuzipepala kwa zaka zambiri, kuluka saikoloje pa umunthu. Tili ndi ankhoswe, anamkungwi, tili ndi mwambo wogona pasiwa kuti wofedwa asakhale yekha usiku. Saikoloje imene siitha kulankhula ndi zimenezi imangokhala ya mayeso.

Ndikunena izi chifukwa cha bambo anga. Adabwera ku Salisbury ali mnyamata, nthawi ya chitaganya, pamene yunivesite ya ku Mount Pleasant ija inkatchedwa University College of Rhodesia and Nyasaland. Iwo ankaseka kuti dzina la dziko lawo lili pachipata koma mwini dziko amangodutsa panja ndi njinga. Adagwira ntchito zaka zoposa makumi atatu m'Chishona ndi m'Chingerezi. M'zaka zawo zomaliza mutu utayamba kuiwala, zilankhulo ziwirizo zinayamba kuthothoka, n'kutsala Chichewa cha ku Dedza chokha. Tsiku lina ku chipatala china anawafunsa mafunso oyeza ubongo, iwo n'kumayankha bwinobwino kuti mtima wawo uli kumudzi, akufuna akaone manda a mayi awo. Wofunsayo sanamve kanthu, analemba kuti mkuluyu akubwebweta. Ndikanapanda kufika nthawi ya chakudya chamasana, pepalalo likanapita choncho.

Matchona otere adakalipo ambiri ku Mbare, Highfield, Mabvuku, Dzivarasekwa, ndi m'mapulazi ndi m'migodi yakale. Ena sadabwererepo kumudzi chichokereni. Anzawo adatha, ana amawayankha m'Chishona, ndipo chimene chimawadya usiku sangachinene m'chilankhulo chobwereka. Ophunzira saikoloje a Chishona alipo mazanamazana chaka chilichonse. Odziwa Chichewa chomvera nkhalamba ndi angati? Ku Zomba mwana wathu akanakhala mmodzi mwa ambiri, ndiponso wa Chichewa chopotoka. Kuno ali ndi chinthu chimene anzake a m'kalasi alibe.

Za ndalama nazo zinathandiza kudula. Ngongole ya boma ya ophunzira ku Malawi ndi ya nzika za dzikolo, pamene iye ndi nzika ya Zimbabwe. Ife a makolo ochokera kunja tidachotsedwa chitonzo cha chitupa cha "alien" ndi malamulo a dziko a mu 2013, ndipo sindikufuna mwanayu akayambirenso kukhala mlendo kwina. Kuno fizi imawawa, kaya mulipira m'madola kaya mu ZiG, koma adzagona kwa mayi ake n'kudya nsima ya pakhomo.

Ndiye ndinamuitana n'kumuuza kuti alembetse konkuno, koma pa mfundo ziwiri. Tchuthi chachikulu chilichonse azikwera basi ya ku Nyamapanda, kudutsa Tete, kukatsikira ku Dedza kwa abale, osati ku Area 25 kumene ana a azakhali amalankhula Chingerezi ndi mbale zomwe. Ndipo kafukufuku wake wa chaka chomaliza adzachitire pakati pa nkhalamba za m'bungwe lathu la maliro, m'Chichewa. Azakhali anadandaula pang'ono, kenako anati bola azibwera.

"Amalume, Chichewa ndimachidziwa kale," anatero mtsikanayo.

Ndinamuuza kuti ayesere pa agogo ake pomwepo. Anakoka mpando, n'kuwayang'ana m'maso monga anaonera pa YouTube, amvekere, "Agogo, mukumva bwanji mkati mwanu?"

Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali. "Mkati mwanga muli nsima ya masana. Munthu wamkulu safunsidwa choncho. Tsika pampandopo, khala pamphasa apa, unditongolere mtedzawu. Ukafika pakati pa lichero ndiyamba ndekha."

Anatsika. Ine ndinanyamuka kukaona ngati magetsi abwera.