LHC yokha singathetse funso la kulemera kwa neutrino

Ndawerenga nkhani ina yolongosola bwino mmene makina a LHC, owombanitsa tinthu ting'onoting'ono ku CERN (malo ofufuzira sayansi pafupi ndi Geneva), angayesere maganizo okhudza gwero la kulemera kwa ma neutrino, tinthu ting'onoting'ono kwambiri topanda chaji ya magetsi, koma ndikuona kuti mlembi wapereka chiyembekezo chopitirira muyeso. Zoti tinthuti tili ndi kulemera sizikayikitsanso, popeza Super-Kamiokande (chipangizo chofufuzira ma neutrino cha ku Japan) inaonetsa mu 1998 kuti timasintha mtundu tili paulendo, zomwe sizikanatheka tikanakhala topanda kulemera. Chozunguza mutu ndi kuchepa kwake: KATRIN (kafukufuku wa ku Germany woyeza kulemera kwa neutrino) yapeza kuti sikufika 0.45 eV (eV ndi muyeso wa mphamvu womwe amayezeranso kulemera kwa tinthu totere), pamene elekitironi imalemera 511,000 eV.

Ganizo la seesaw, lomwe Peter Minkowski analemba mu 1977, limati neutrino imapepuka chifukwa ili ndi inzake yolemera kwadzaoneni, ndipo inzakeyo ikamalemera kwambiri, iyo imapepukirapepukira. Apa mpomwe pagona vuto. Ngati inzakeyo ikulemera pafupifupi 10^14 GeV (1 wotsatiridwa ndi ma ziro 14; GeV imodzi ndi ma eV biliyoni imodzi), monga ganizoli limanenera likakhala losawonjezeredwa kanthu, LHC, yomwe inayamba mu 2022 kuwombanitsa ma proton pa 13.6 TeV (13,600 GeV), singaipange m'pang'ono pomwe. Choncho ATLAS ndi CMS, zipangizo za pa LHC zojambula zotuluka pa kuwombanako, zikalephera kuipeza, sitinganene kuti ganizolo lagwa.

Chomwe chingandikhutiritse ineyo ndi kuwombana kotulutsa ma muon awiri a chaji yofanana (muon ndi kanthu konga elekitironi koma kolemerapo) pamodzi ndi ma jet awiri (magulu a tinthu touluka kulowera mbali imodzi), popanda mphamvu yosowa, chifukwa zimenezo zingasonyeze kuti neutrino ndi antineutrino (inzake yotsutsana nayo) n'chinthu chimodzi, monga Ettore Majorana anaganizira mu 1937. Mlembi akanatchulakonso za kusaka tinthu tomwe timayenda masentimita angapo m'makinamo tisanasweke, pakuti neutrino yolemera yosakanikirana pang'ono chabe ndi zinzake ingaoneke motero.